Thonje Lomera pa Nyemba za Bamake Emelda

Chinthucho chinayamba ndi mzere umodzi wa nyemba, wa chakumpanda, umene unapezeka utafota m'mawa wina dothi lili chinyowere. Marjory, amene komboni yonse ya Kalikiliki inkamudziwa ndi dzina loti Bamake Emelda, anaima chiimire, dengu lili m'manja. Mbewu imafota ikasowa madzi, izo ndi mwana yemwe amadziwa. Koma nyembazi anali atazithirira dzulo lake madzulo mpaka matope kukwera m'zidendene. Anagwada, n'kukankha masamba ndi kuseri kwa dzanja, ndipo m'munsi, pamene tsinde limalowa m'nthaka, anapeza thonje. Loyera mbee, lofewa, lozungulira tsinde mwaudongo ngati pali munthu amene anakhala pansi n'kumalikulunga ndi zala, tsinde ndi tsinde, mosafulumira. Linali ndi kafungo kozizira ka m'nyumba yotsekedwa kalekale. Maganizo ake anathamangira ku thonje limene anaona m'mphuno mwa malemu mayi ake tsiku lokawatenga kumochale, ndipo anabweza dzanja msanga n'kulipukuta pachitenje.

Zinali zaka zija za mizere, pamene unga unkafuna mzere, sopo mzere, shuga mzere, ndipo munthu ankatha kuima kuyambira tambala mpaka dzuwa pamutu n'kuuzidwa kuti katundu watha. Mwamuna wake, Whyson, anali atachotsedwa ntchito yonyamula matumba pa fakitale ina ku Heavy Industrial. M'mawa uliwonse ankapitabe, wapansi, kukaima pa mageti ndi anzake, n'kubwerako madzulo fumbi lili m'nsidze, manja ali lende. Ndiye nyumba yonse inkatsamira pa kadimba ka kuseri, pakati pa chimbudzi ndi mpanda wa udzu. Marjory anadzazamo nyemba, repu ndi kabichi, mothinana ngati anthu m'basi ya kutauni, poti ankati dothi looneka ndi dothi lotayika. Feteleza kunalibe, choncho ankapita kumsika waukulu kukatola masamba owola a kabichi amene ogulitsa ankataya, n'kumawakwirira m'mizere. Zokolola zina ankadya, zina ankagulitsa pa kathebulo pamsewu, ndipo ndi zomwezo Emelda, mwana wawo mmodzi yekhayo, ankadya ndi kupita kusukulu.

Emeldayo ndiye sankachoka pakamwa pa ba Sophie, mlongo wamkulu wa Whyson, amene ankagulitsa nsalu ku Kamwala. Anali atanena kangapo kuti mwanayo akakhale kwawo, azikawathandiza tintchito. Palibe m'komboni amene sadziwa tanthauzo lake. Mwana wopita kukathandiza amadzuka woyamba, amagona womaliza pansi m'khitchini, ndipo yunifomu yake imasanduka chokolopera. Whyson sanafune kukangana ndi mlongo wake, sanafunenso kuona misozi ya mkazi wake, ndiye anadula pakati.

"Dimba ikatidyesa mpaka nthawi ya mphepo isile, mwana ankhala," anatero. "Ikalephela, Bamake Emelda, musazaniyangane na maso yoipa. Sinizasunga mwana na njala chifukwa cha nsoni."

N'chifukwa chake m'mawa umenewo Marjory sanauze mwamuna wake. Anaitana Philomena, mnzake wa khomo loyandikana, amene ankaimba naye m'kwaya, ankabwerekana naye mchere, ndipo chaka chomwecho Marjory anali atamugawira mbande za kabichi ndi dothi lake lomwe. Philomena ankalima matimati. Anali mkazi wamfupi, wa liwu lalikulu, woseka asanamalize nkhani. Anabwera akuseka, koma atawerama kuseka kunathera pakhosi. Anazula chitsamba chimodzi, n'kuthyola tsinde lake pakati. Tsindelo linali lofewa ngati laphikidwa, ndipo m'kati mwake munagwa tinthu takuda, tolimba, tonga zitosi za khoswe. Tinagwera m'dzanja lake n'kulira ngati timiyala.

"Mayo ine," ananong'ona Philomena. "Bamake Emelda, aya si matenda. Matenda yamakhala panja. Ivi vili mukati. Nindani angaike vinthu mu mutengo wosatsegula?"

"Kapena ni makoswe," anatero Marjory, liwu lili pansi.

"Khoswe wa bwanji wamene angena mu nyemba na kutsekako? Ivi bakuikilani, mwandi. Pali munthu safuna kuti muzidya."

"Nizavitentha."

Philomena anamugwira mkono mwamphamvu. "Awe! Mwaiwala vamene banakamba ba mai ba mapemphelo? Chinthu choikila munthu sibatentha pa nyumba. Utsi umangena mu chifuba cha mwana. Chamwene umabweza kwa mwine wake, ukwilile mu doti yake, chimudye yeka."

Mwini wakeyo Marjory sanamudziwe. Ndiye anazula mzere wonse n'kuubisa pansi pa mulu wa manyowa. Tsiku lomwelo anatola malata akale ndi masaka, n'kukweza mpanda mpaka munthu wamtali osatha kusuzumira, n'kutseka kampata kalikonse kopita diso kapena mphepo. Madzi a pampopi wa komboni ankabwera dzuwa litalowa, poti masana onse ankathera kumayadi, ndiye anathirira madzulo monga mwa masiku onse, ndipo atatha anafunditsa nyemba zake udzu kuti zisaonedwe ndi woyenda mumdima.

Inali nyengo yozizira. Kukada, chifunga chinkakwera kuchokera kudambo, chikulowa m'tinjira ta komboni pang'onopang'ono mpaka nyumba ya mnzako kusanduka chithunzithunzi. Mafuta a nyali anali osowa, anthu ankagona ndi nkhuku, ndipo mdima wake unali wolemera moti unkamveka pakhungu. Usiku umenewo Marjory anadzidzimuka osadziwa chamudzutsa. Anamvetsera. Whyson ankapuma mozama pambali pake, Emelda pamphasa kumiyendo. Padenga mame ankadontha kuchokera ku lata kupita ku lata. Kenako anamva khasu. Silinali khasu la munthu wolima ayi. Linkalowa m'dothi mofatsa, tswee, n'kuleka, ngati mwini wake akuopa kudzutsa nthaka. Pakapita kanthawi, tswee. Agalu a m'mzere wonsewo, amene ankauwa ngakhale pepala louluka, anali chete.

"Batate ba Emelda," anamugwedeza. "Kuli munthu ku dimba."

"Gonani imwe. Kawalala angabe chani, nyemba zodwala?" Apa mpamene Marjory anadziwa kuti mwamuna wake anali ataona kale.

Kutacha anapeza pakati pa kabichi pali malo osalala, dothi lake latsopano, ndipo pamwamba pake panali zizindikiro za zala pamene wina anasisita ndi chikhatho. Anakumba ndi kamtengo. Munali kamtolo ka mitengo yowola, yoterera, yomangidwa ndi kansanza, yonse yovala thonje loyera lija. Anaiyang'anitsitsa. Inali mitengo ya matimati, ndipo iye matimati sankalima. Kamtoloko anakabisanso pansi pa manyowa.

Masiku otsatira thonje linayenda. Linachoka kumpanda n'kufika pakati, linakwera kuchoka pa tsinde kufika pa nyemba zenizenizo, n'kulumphira ku kabichi. Mutu wa kabichi wooneka bwino kunja, ukaugwira chala chinkangolowa, m'kati muli phala lonunkha ndi tinthu takuda tija tili ndandanda. Marjory ankazula m'mawa, madzulo n'kupeza zina zagona. Ankawonjezera udzu, ankawonjezera mapemphero.

Pampopi, madzulo, nkhani inali yomweyo, poti tsopano sanali yekha. Azimayi ankaika zidebe pamzere n'kuyandikizana mitu. Wina anati chinthucho chimayenda chokha, anachiona ndi maso ake chikukwawa m'chifunga, choyera, chopanda mutu. Wina anati ku Mtendere mayi wina anadzuka n'kupeza thonje lomwelo pa pilo ya mwana wake. Wina anati ndi akufa amene anaikidwa opanda nsalu chifukwa cha umphawi, ndiye akudzitolera okha zofunda. Koma nkhani zonsezo, zikazungulirazungulira, zinkafika pa khomo limodzi, la kumapeto kwa mzere, kwa ba Maud.

Ba Maud anali mayi wamasiye, wamkulu, wokhala yekha, wosakonda kucheza. Dimba lawo linali lobiriwirabe. Ankadzala motalikitsa, ngati munthu wa malo ambiri, mpanda wawo unali wa timitengo chabe. Madzi ankatunga madzulo ngati aliyense, koma osathirira, ankawathira m'diramu, ndipo wina anawaona akuyenda m'mizere m'bandakucha ndi chitini. Komanso kwawoko kunkafuka utsi pafupipafupi, utsi wolemera, wonunkha zaziwisi.

"Munthu wabwino athilila mu mdima wa kuseni?" anafunsa wina. "Na chamene batentha daily ni chani?"

Madzi ankangolira m'chidebe.

Usiku wina Marjory analimba mtima. Anakhala pansi kuseri kwa chitseko cha kumbuyo, diso pa mng'alu wa thabwa, bulangeti kumutu. Anadikira mpaka miyendo kuchita dzanzi. Kunali kamwezi kochepa kamene kankangoyeretsa chifunga osaonetsa kanthu. Achule a kudambo analira, n'kuleka onse pamodzi. Ndiye lata limodzi la m'munsi mwa mpanda linasuntha, pang'ono, pang'ononso, ndipo pampatapo panalowa chinthu choyera. Chinali chachifupi, chotambalala, chikuyenda ndi maondo, ndipo pamene pamayenera kukhala mutu panali nsonga chabe. Chinakwawa pakati pa nyemba, masamba akuchipatsa njira, n'kuima. Marjory anachimva chikupuma. Chinkapuma ngati munthu wotopa, mpweya ukulira m'mphuno. Kenako tswee. Tswee.

Anafuna kutambasula dzanja kuti agwedeze Whyson, dzanja linakana. M'nyumbamo Emelda anatsokomola m'tulo. Chinthucho chinaleka kukumba. Nsonga ija inatembenuka pang'onopang'ono mpaka kuloza pa chitseko, ndipo zinakhala choncho, icho uko, iye kuno, kwa nthawi imene Marjory sanathe kuiyeza. Kenako chinasisita pansi, n'kubwerera chambuyo, lata n'kubwerera m'malo mwake.

Kutangoyera anatuluka. Sanafune kukumba, ankadziwa kale chimene chili pansipo. Anangogwada pa nyemba zotsala n'kunyamula udzu kuti aone zimene zapulumuka. Pansi, m'mthunzi wonyowa, panali tinthu timene anali asanationepo. Tinali ngati timakutu, tofiirira ngati khungu la munthu, tating'ono ngati chikhadabo cha khanda, tambirimbiri, tatuluka m'dothi n'kutsegukira kumwamba ngati tikumvetsera. Anawerama pafupi. Mpweya wake utangotikhudza, tinatulutsa utsi. Kautsi kopyapyala, kopanda moto, kanakwera kuchokera pansi n'kulowa m'masamba. Marjory anagwa chagada m'matope, ndipo anakhala pomwepo mpaka dzuwa kumuwomba kumaso.

Tsiku lomwelo ba Sophie anatulukira, nsapato zazitali, chikwama m'khwapa. Sanakhale pansi. Anapita molunjika kuseri, n'kuima pakhomo la dimba mphuno atatseka ndi mpango.

"Mulamu, iyi ndiye dimba yamene mumanikanila nayo mwana? Iyi ni manda."

"Izachila, ba mulamu. Kuli chabe vina vamene nifuna kukonza."

"Mukonze. Ine pa Sande nibwela na kumutenga. Onani mikono yake, monga tumitengo twa machisa. Mufuna afe chifukwa cha sukulu?"

Whyson anali atakhala pa njerwa akuyang'ana zala za kumapazi kwake. Emelda anali kuseri kwa chitseko, akumva zonse.

Usiku umenewo Marjory sanagone. Ankaganiza za diramu, za utsi, za dimba lobiriwira pakati pa madimba akufa, ndiponso ankakumbukira kuti ba Maud anali ndi mzere wa matimati. Tambala woyamba asanalire anadzuka. Anafukula mulu wa manyowa, n'kutolera zonse zimene anabisa, nyemba zake ndi timitolo tachilendo, zonse zili phala ndi thonje, n'kuziika m'chidebe. Kunkazizira molasa m'mafupa, juzi analibe, ndiye anachita zimene mayi aliyense wa m'komboni ankachita pa mzere wa unga m'bandakucha. Anatenga thumba la unga lopanda kanthu, n'kulowetsa ngodya imodzi mwa inzake, n'kulivala kumutu kuti ligwere kumsana. Anatenga kakhasu n'kutuluka.

M'kanjira sankaona ngakhale mapazi ake. Ankayenda ndi dzanja limodzi pa mipanda ya anthu, akuwerenga makomo ndi fungo, apa pa ophika kachasu, apa pa oweta abakha. Pa ba Maud analowa ndi maondo pansi pa timitengo, n'kukwawa mpaka anamva masamba ozizira akumukhudza kumaso. Anaika khasu pansi mofatsa. Tswee.

"Kumbani pafupi na dilamu, Bamake Emelda," linatero liwu mumdima, pafupi kwambiri. "Ndiye pofewa. Banzanu bonse bamakumba apo."

Khasu linagwa. Pang'onopang'ono maso a Marjory anapeza chithunzi cha munthu atakhala pa kampando m'mbali mwa diramu, atadzikulunga bulangeti. Anali ba Maud. Sanadzuke, sanakuwe, anangotsokomola.

"Leta kuno chidebe, mwana wanga. Unipulumuse nchito yofukula. Musana wanga wasila na kufukula vamene mumaniletela. Muganiza utsi wamene mumaona ni wa chani? Nimatentha mphaso zanu."

"Si ndimwe?" Mawu anatuluka okha. "Si ndimwe munaniikila?"

Ba Maud anaseka kaseko kopanda chimwemwe. Anamuuza akhale pansi, n'kuyamba kulankhula motsitsa. Anati ali mtsikana anagwirapo ntchito yothyola nyemba pa famu ina ku Chisamba, ndipo chinthu chimenechi anachionera kumeneko. Ndi chuku, chuku choyera, m'bale wake wa chimene chimagwira nsima yogona. Chimakonda kuzizira, chinyezi ndi malo opanda mphepo. Tinthu takuda tija ndiye mbewu yake, timapangika m'kati mwa tsinde momwemo, ndipo tikagwera m'dothi timagona zaka ndi zaka osafa. Tikamva kuzizira ndi madzi timamera timakutu, ndipo utsi wa timakutuwo ndiwo umakagwira masamba ena.

"Manje iwe," anatero ba Maud, "unashanga mothinana, unathilila usiku masamba yagona yonyowa, unatseka dimba na malata, unaifunika na udzu. Unachimangila nyumba. Na vija vamakabichi voola va ku maliketi, ndiye vinachileta. Nanga ivi vamene mukwililana usiku, mushanga chabe mbeu yake mu doti ya munzanu."

"Munalekelanji kutiuza?"

"Nakamba pa pompi kuti tenthani. Banati mfwiti ifuna bana bathu bapume utsi. Nizakamba kangati?"

Marjory anagwira bulangeti la mayiyo ngati mwana. "Mankhwala yake ni chani, ba Maud? Nili na mpaka pa Sande. Bazanitengela mwana."

"Mankhwala kulibe. Zula vonse vodwala na doti yake, utenthe. Gwesa malata mphepo ipite. Madzi usunge, uthilile kuseni, kukangocha, pansi, osati pa masamba. Pamene padwala usashangepo nyemba olo kabichi, ushange milisi, chimanga chija, milisi sichigwila. Ku famu benze kuchita so zaka zingapo, ndiye doti yapola."

"Zaka? Milisi mu mphepo ino? Mwana azadya chani pa Sande?"

Ba Maud anatambasula dzanja mumdima, n'kugwira la Marjory, n'kulitsogolera pa tsinde la matimati awo a pafupi ndi diramu. M'munsi mwake munali mofewa, monyowa, mwaubweya.

"Na ine chanipeza," anatero. "Sinikwanisa kufukula vonse. Khala zii, umvele."

Poyamba Marjory anangomva mtima wake. Kenako, kuchokera kutsidya kwa kanjira, tswee. Kwina kumtunda, chakutchalitchi, tswee. Kumunsi chakudambo awiri ankalandizana. M'chifunga chonsecho, kufupi ndi kutali, makasu ankalowa m'dothi mofatsa, aliyense akuopa kudzutsa mnzake, komboni yonse ili maso, ikubwezerana.

Anasiya chidebe n'kubwerera. Atafika kuseri kwa nyumba yake anapeza lata la m'munsi lili potseguka. Analowa. Chinthu choyera chija chinali pakati pa kabichi, nsonga ili m'mwamba, chikusisita pansi. Chitamva mapazi chinatembenuka, n'kuona chinzake choyera cha nsonga chitaima pampanda, ndipo chinalira kaliwu kakang'ono, "Yesu wanga!" Liwu limenelo Marjory ankaimba nalo m'kwaya.

"Philomena."

Thumba la unga linagwa kumutu. Philomena anakhala pansi m'matope, kakhasu pamiyendo.

"Vinayambila kwa imwe," anatero Philomena, akulira mopanda mawu. "Munanipasa mbande, pasapite nthawi matimati yanga yagona. Banati ubweze kwamene chinachokela. Sininafune kuti vikudyeni, Bamake Emelda. Nenze kufuna chabe vichoke kwa ine. Bana banga bali folo."

Marjory anafunafuna mkwiyo m'mimba mwake, sanaupeze. Akanamutukwana bwanji, thumba lake lomwe lili kumutu, matope a kwa ba Maud ali m'maondo? Anangoti, "Pita, kwacha. Bazakuona."

Masiku otsalawo anachita zonse zimene anauzidwa. Anagwetsa malata, anachotsa udzu, anazula chodwala chilichonse. Atamaliza, m'dimbamo munatsala tizitsamba towerengeka, titaima patalipatali ngati mano a nkhalamba. Zozulazo anaziunjika kuti atenthe, koma zinali zonyowa, mafuta analibe, ndiye anathirapo makala ophikira a sabata yonse. Moto sunayake, unangofuka utsi wolemera wokwawa pansi. Ndipo ngakhale ankadziwa tsopano kuti ndi chuku chabe, anapezeka akukankhira Emelda kumsewu kuti asaupume. Madzulo anayesa kufotokoza pampopi. Azimayi anamvetsera mpaka anatchula dzina la ba Maud, ndiye mmodzi ananyamula chidebe chake chisanadzaze, wina n'kunong'ona kuti aonapo utsi kwa Marjory nakonso. Philomena anayang'ana kumbali. Usiku makasu analirabe, ndipo m'mawa Marjory anapeza malo awiri osalala m'dimba lake lopanda kanthu.

Lamlungu ba Sophie anafika anthu asanatuluke m'tchalitchi. Whyson anali atachoka m'mamawa, akuti kukafunsa ganyu, ganyu ya pa Sande. Marjory anamanga tizovala ta mwana m'chitenje, n'kuikamo ndi yunifomu, ngakhale ba Sophie anati ingolemetsa katundu. Ataitana Emelda, sanayankhe. Anatulukira kuseri patapita kanthawi, manja ali matope, atakumbatira chitini cha mkaka. M'chitinimo munali chitsamba chimodzi cha nyemba, chobiriwira, cha maluwa oyera, chokumbidwa bwinobwino ndi dothi lake.

"Ni chani icho futi?" anafunsa ba Sophie.

"Ni yamene siinadwale," anatero Emelda. Anayang'ana mayi ake, maso ali gwa, osalira. "Nizaishanga kwa ba anti, ku mbuyo kwa nyumba kuli malo. Batate banati dimba ikatidyesa ninkhala. Ikabala nizaleta nyemba, mushange, ndiye nibwelele. Si so, amama?"

Marjory anagwada kuti amukonze kolala ya diresi, ndipo maso ake anagwera m'chitini. Pamene tsinde limalowa m'dothi, mbali yosayang'ana kwa mwanayo, panali kadontho koyera, kochepa ngati malovu a kambalame, tiubweya take titaima. Anatsegula pakamwa. Anaona zala za mwana wake mmene zagwirira chitinicho, zolimba mpaka kuyera m'mfundo. Anatsekanso.

"Tiyeni, basi izatisiya," anatero ba Sophie, atayamba kale kuyenda.

"Ni so, amama?" anafunsanso Emelda.

"Uzithilila kuseni," anatero Marjory. "Pansi. Osati pa masamba."

Mwanayo anagwedeza mutu mwamphamvu, ngati wapatsidwa ntchito yaikulu, n'kutsatira azakhali ake. Ankayenda pang'onopang'ono kuti dothi lisatayike, timaluwa tikugwedera pamwamba pa phewa lake, mpaka anakhota pa nyumba ya oweta abakha.